Tsitsi Limene Nkhungu Inalilephera

Saluni ya Amayi ili pakati pa sitolo ya mankhwala ndi kachipinda ka bambo wokonza mafoni. Ukangolowa, chimayamba kukulonjera ndi fungo: mafuta a tsitsi, sopo, ndi kautsi ka chipeso chamoto. Kumanzere kuli magalasi, limodzi long'aluka pakona. Kumanja kuli madulaya awiri ovala kumutu aja, koma limodzi linasiya kalekale kutentha, pano limangogwira ntchito ya mpando wodikirirapo. Kumapeto kuli sinki yotsukira mitu, ndipo pamwamba pake, kwa zaka zambiri, panali chithunzi cha mathithi chimene Amayi anadula pa kalendala yakale n'kuchimata ndi selotepi kuti chibise mng'alu wa khoma.

Mwini saluniyo aliyense amangoti Amayi, ngakhale agogo oti akanatha kuwabereka. Ndi mzimayi wamfupi, wa manja olimba, woyenda mofulumira ngati wasiya mkaka pamoto. Kasitomala akabwera ndi chithunzi cha pafoni n'kunena kuti akufuna kuoneka chonchi, iwo amayang'ana chithunzicho, amayang'ana mutuwo, n'kumuuza mosapsatira kuti mutu wake ndi wina, koma akakhala pansi atuluka wokongola kuposa pamenepo. Magetsi akazima, madzi a m'ndowa n'kukhala ozizira, iwo sapepesa. Amagoneka mutu wa kasitomala pasinki, n'kuloza chithunzi cha pakhoma ndi chigongono, amvekere: "Tsekani maso, mayi, muziganiza kuti muli pamathithi." Kenako madzi khuthu. Makasitomala ena amabwereranso chifukwa cha mawu amenewo, ena amabwereranso ngakhale amadana nawo.

Ntchitoyi anaiyamba ali mtsikana, ndi kampando ndi chipeso, pakhonde la sitolo ya amalume awo. Chikwangwani analibe, ndipo sichinkafunika, chifukwa chikwangwani chinali mutu wawo. Anali ndi tsitsi lakuda bii, lambiri, lothyola mano a zipeso, loti azimayi ankaima pamsewu n'kufunsa kuti amadzola chiyani. Tsitsi limenelo ndi limene linawachotsa pakhonde n'kuwalowetsa m'chipinda cha lendi, linagula dulaya loyamba, linaphunzitsa ana awo sukulu. Sindikukokomeza ayi, kafunseni aliyense mumsewu umenewo.

Ndiye kunabwera chaka choipa. Amayi anadwala, anagonekedwa m'chipatala, anamwa mankhwala amphamvu kwa miyezi yambiri. Moyo unabwerera, thupi linabwerera, ngakhale pakamwa paja panabwerera, koma tsitsi linapita osatsanzika. Kunangomera timatsitsi tofewa cham'mbalimu, pakati ponse mbee. Amayi analira tsitsi limenelo kuposa mmene analirira ndi matendawo, ndipo anachita manyazi kuti akulirira tsitsi pamene Mulungu wawasiyira moyo. Komabe mantha awo anali omveka: ndani angapereke mutu wake kwa mkazi amene wake womwe wamukanika? Iwo ankaona kuti tsiku limene anthu adzaone mutuwo, m'saluni mudzatsala madulaya okhaokha.

Choncho asanabwerere kuntchito anagula tsitsi la m'mapaketi, lochita kupanga lija koma la mtundu wapamwamba, n'kudzisokera wigi okha kuchipinda, chitseko chili chotseka. Anaisoka mwaluso loti ngakhale ine ndikanalumbira kuti ndi lomera: mzere wa pakati, timatsitsi ta pachipumi, chilichonse monga linalili tsitsi lakale. Tsiku limene anabwerera, antchito awo anawakumbatira, anawafunsa za m'thupi, za chakudya, za tulo, koma za kumutu palibe anatchula. Mtima wa Amayi unakhala pansi, nati chamumtima: ndawapusitsa.

Koma wigi ndi bwana wovuta. Kuyambira pamenepo Amayi anasiya kusenza kanthu pamutu. Anasiya kuvina paukwati, iwo amene kale ankayamba kudzuka nyimbo isanafike pakati. M'basi ankasankha mpando wakutali ndi windo. Chowawa kwambiri chinali mdzukulu wawo wakhanda, wa timanja tokonda kugwira chilichonse cholendewera: ankamunyamula motalikitsa ngati poto wotentha, mpaka mwana wawo wamkazi anayamba kuganiza kuti agogo sakumukonda mwanayo. Amayi zimenezo zinkawapweteka, koma ankangoti msana ukuwavuta.

Amene ankadziwa, m'maganizo a Amayi, anali amuna awo okha, a kalipentala ofatsa amene anawasemera mutu wamtengo wokhazikapo wigiyo pogona. Mutuwo unkakhala m'kabati ya zovala, kuseri kwa majekete. Bambowo wigiyo anaipatsa dzina loti apongozi, ati chifukwa imafuna ulemu, siyang'anidwa m'maso, ndipo sitchulidwa pagulu.

Pa antchito a pasaluni, awiri ndi ofunika muwadziwe. Woyamba ndi Zala, amene anayamba ndi Amayi kuyambira pakhonde paja, yekhayo amene amawati achemwali, mzimayi wamtali, wosayankhulayankhula, woluka mofulumira moti kasitomala asanamalize kudandaula za mwamuna wake mutu watha. Wachiwiri ndi Wayilesi, ndipo dzinalo likufotokoza lokha. Wayilesi satha kuona kanthu osakanena. Munthu akungodutsa kutsidya kwa msewu, iye wanena kale kuti meshi imeneyo ndi yakale, wigi iyo yapendekeka, uyo anamuwotcha ndi mankhwala. Luso limenelo anaphunzira kwa Amayi, amene ankaimiritsa wantchito aliyense watsopano pakhomo n'kumamufunsa za mutu uliwonse wodutsa, kungoti Amayi ankanong'ona. Amayi ankawakonda antchito onsewo, ndipo chimodzi chokha ankakangana nawo: fani ya m'saluni nthawi zonse ankaipeza itayang'ana kukhoma, ikupepesera matawulo anthu akutuluka thukuta.

Nkhani ya ulendo inabwera ndi namwino wina amene anakana kutseka maso pasinki. Anayang'ana chithunzi chija n'kunena kuti mathithi amenewo akuwadziwa, ali kufupi ndi katauni ka pamwamba pa mapiri kumene anagwirako ntchito, koti ukalawirira m'mawa umakafika masana. Amayi anaima ndi thovu m'manja. Zaka zonsezi ankaganiza kuti malowo ali kunja, kofika anthu okwera ndege. Wayilesi anaigwira nkhaniyo, ndipo sanaitule mpaka onse anavomera: atseke saluni tsiku limodzi, achite hayala minibasi, akajambulitse kutsogolo kwa mathithiwo, chithunzi chawo chidzalowe m'malo mwa cha pakalendala chija.

Mtima wa Amayi unagawanika. Malowo ankawafunitsitsa, pakuti anali atatumizako makasitomala ambirimbiri m'maganizo, eni ake osapondako. Koma kumathithi kuli madzi ndi mphepo, ndipo zonsezo apongozi sagwirizana nazo. M'malo mokhala chete, anachita zimene amachita munthu wobisa kanthu, kuyankhula mokweza pafupi ndi kanthuko. Analamula kuti pachithunzicho pasaoneke meshi, pasaoneke zoluka: aliyense apite ndi tsitsi lakelake, lowongoledwa ndi chipeso chamoto, anthu aone kuti pasaluni pano tsitsi limasamalidwa. Zala anawayang'ana pang'ono, n'kupitiriza kuluka.

Tsiku loti mawa ndi ulendo anatseka msanga n'kuyamba kuwongolana. Utsi unadzaza chipinda, makutu angapo anapsa, bambo wokonza mafoni anasuzumira kudzafunsa ngati kwabuka moto. Pomaliza aliyense anali ndi tsitsi losalala, lonyezimira, logwedezeka akatembenuka, ndipo ankatembenuka popanda chifukwa. Amayi anati lawo akakonzera kunyumba monga mwa masiku onse. Anali atagulanso tizipewa tapulasitiki tosambira, aliyense kake, ndi maambulera, zoti akavale akayandikira pamene madzi amawaza n'kuvula pojambulitsa pokha. Anthu a ntchito ya tsitsi madzi amawadziwa, ndipo anali otsimikiza kuti awatsekera njira zonse.

M'mawa mwake a kalipentala anawapeza akazi awo pagalasi akubaya mapini. Anafunsa ngati apongozi nawonso akupita kumapiri, ndipo anayankhidwa kuti aleke zachibwana, abweretse mapini ena ali m'kabokosi. Anabweretsa, koma anaimabe pakhomo.

"Bwanji lero muwasiye apume? Kumapiriko akukudziwani ndani?"

"Akundidziwa amene ndikupita nawo," anatero Amayi, n'kubaya pini ina.

Adalaivala anali bambo onenepa, anthabwala, a dazi lowala kuyambira pachipumi mpaka kunkhongo. Asanalize injini analamulidwa kuti mawindo onse akhale otseka, ndipo anavomera poganiza kuti ndi zocheza. Dzuwa litakwera, m'minibasi munadzaza fungo la mazira owiritsa, malalanje ndi mafuta a tsitsi, ndipo bambowo anayamba kuchonderera kuti atsegule ngakhale kampata kolowa chala. Wayilesi anawayankha kuti iwo mphepo singawawonongere kanthu, ndiye asalowerere nkhani za anthu amene ali ndi katundu kumutu. Onse anafa ndi phwete. Amayi anaseka nawo. Wayilesi anali atatsegula kale pakamwa kuti awonjezere, pamene Zala anatsekapo ndi banzi yathunthu, ati mwana wa eni ake sanadye m'mawa.

Phula linathera pa mlatho wina wachitsulo, kenako msewu unayamba kukwera. Unkangokhotakhota, mbali ino phiri, mbali inayo phompho loti mitengo ya pansi ikuoneka ngati udzu. Nyimbo zachikondi zimene ankaimba kuchigwa zinasanduka za kutchalitchi popanda wolamula. Pamabampu aliyense ankagwira mpando ndi manja awiri, koma Amayi dzanja limodzi linali pamutu, ati mutu ukuwawawa. Pamalo ena injini inatentha n'kuyamba kufuka, ndipo adalaivala atapempha madzi, anapatsidwa timabotolo topopera tsitsi, nkhani imene amaikambabe mpaka lero kwa aliyense wokwera galimoto yawo. Podikira kuti injini izizire, atsikana anatsika atamanga mipango kukaona chigwa chonse chili pansi pawo, mitsinje, minda, madenga ang'onoang'ono. Kunja kunali mphepo, choncho Amayi anatsala m'galimoto kuyang'anira zikwama zimene palibe akanaba, n'kumasuzumira pawindo.

Kukatauniko anakafika masana, ngakhale dzuwa lake linali longowala, losatentha. Ndi ka msewu umodzi, nyumba zokakamira paphiri, malata a dzimbiri, utsi ukutuluka m'madenga masanasana. Positi ofesi inali yotseka, mbuzi zitagona pakhonde. Anthu ankayenda ndi majekete, manja m'matumba, osafulumira, ndipo aliyense ankaima kupereka moni kwa alendo ngati anali kuwadikira. Sitolo inali imodzi, yogulitsa misomali, maswiti, makandulo ndi majombo pashelefu imodzimodziyo. Pakhonde pake alendowo anamwa tiyi wotentha m'makapu achitsulo, akunjenjemera m'madiresi awo ojambulitsira.

Wayilesi ndiye anayamba kuona kuti azimayi onse a m'katauniko ndi ometa, tsitsi lalifupi ngati ana a sukulu. Anawamvera chisoni mokweza, n'kuuza Amayi kuti kuno kukufunika nthambi ya saluni mwamsanga, anthu akuvutika. Mayi wa m'sitolo anamva. Anayang'ana mitu yonyezimirayo umodziumodzi, anamwetulira, n'kuwalangiza kuti ngati abwerera chithunzi, ajambulitsiretu pomwepo pakhonde. Alendowo anayang'anizana. Atachokapo anagwirizana kuti ndi nsanje.

Njira ya kumathithi inkatsika m'nkhalango, yoterera, ya mizu ndi miyala. Kumwamba kunalibe mtambo wa mvula, choncho tizipewa tija tinakhalabe m'zikwama. Adalaivala anatsogola ndi ndodo. Kenako pakati pa mitengo panayamba kulowa nkhungu, yoyera, yopepuka, yosadontha n'komwe, ndipo onse anaikonda. Ankatambasula manja, ankati ali m'mitambo, wina anayambitsanso nyimbo. Mvula amaidziwa anthu amenewa, thukuta amalidziwa, za nthunzi ya kubafa amachenjeza kasitomala aliyense asanatuluke pakhomo. Koma kwawo kuchigwa nkhungu yotere kulibe, ndipo palibe anaganiza kuti kanthu kosanyowetsa ngakhale diresi kangakhale madzi.

Anayamba kuseka ndi amene ankayenda kumbuyo kwa Wayilesi. Wayilesi anatembenuka kuti afunse, anaona mutu wa mnzakeyo, n'kugwira wake. Ntchito yonse ya dzulo inali itapita. Tsitsi linali litabwerera kwawo, litakwinyika, la wina litaima mbali imodzi, la wina litafufuma ngati buledi wochuluka yisiti. Ngakhale Zala, munthu waulemu wake, ankaoneka ngati wangodzuka kumene. Anatulutsa tizipewa tija madzi atachita kale zawo, ena anavala, n'kungowonjezera kuseketsa. Anakhala pamiyala akuseka mpaka kugwira nthiti, akulozana, akukumbutsana makutu amene anapsa pachabe ndi mayi wa m'sitolo amene anamunamizira nsanje. Adalaivala anasisita dazi lawo n'kulengeza kuti iwo okha ndi amene afike monga ananyamukira. Amayi anaseka mpaka misozi, ndipo kwa kanthawi anaiwala zonse.

Ndi adalaivala omwewo amene anati tsoka lotere lisapite osajambulidwa. Anawaunjika pamodzi, anajambula, foni n'kuyamba kuyenda dzanja ndi dzanja, aliyense akukuwa akadziona. Itafika kwa Amayi, kuseka kunawathera. Pakati pa mitu yosokonezekayo panali mutu umodzi wosalala, wonyezimira, mzere wa pakati uli m'malo mwake, timadontho ta nkhungu titangokhala pamwamba osalowa. Ulendo wonse ankaopa kuti apongozi awachititsa manyazi pogwa, koma sanaganizepo kuti angawachititse manyazi pokhala bwino. Tsitsi la m'paketi silimva nkhungu, ndipo aliyense amene wagwirapo chipeso m'saluni amadziwa zimenezo.

Anadikira kuti wina anene kanthu. Munthu wodabwa amafunsa, ndipo pagulupo panali anthu ofunsa ngakhale zosawakhudza. Palibe anafunsa. Wayilesi, amene anali atapereka ndemanga pa mutu uliwonse kuphatikizapo wa adalaivala, anali kalikiliki kumanga chingwe cha nsapato chimene sichinamasuke. Apo m'pamene Amayi anazindikira kuti atsikanawa akudziwa, ndipo sanadziwe lero.

Anati maondo akuwawawa, atsale pa benchi yamatabwa imene inali pambali pa njira, ena atsogole. Mathithi ankamveka kale, mkokomo wake ukubwera chapansipansi. Atsikana anapita mozengereza ndi adalaivala. Zala sanapemphe chilolezo, anangokhala pambali pawo n'kuyamba kuchotsa timasamba pasiketi yake.

"Kuyambira liti?" anafunsa Amayi, maso ali kutsogolo.

"Kuyambira tsiku limene munabwerera, achemwali. Musanalowe n'komwe, mukuwoloka msewu."

"Nonse?"

"Munatiphunzitsa nokha. Mukanafuna kuti tisadziwe, mukanatiphunzitsa moperewera."

Amayi anafuna kukwiya, ndipo anakwiyadi pang'ono, chifukwa zimawawa kumva kuti anthu amene umati wawapusitsa ndi amene akhala akukusunga. Zala anawafotokozera bwinobwino, ndi mawu ake ochepa aja. Anati n'chifukwa chake fani imayang'ana kukhoma. N'chifukwa chake msomali wa pachitseko cha kuseri, umene unkakola aliyense, unazulidwa sabata yomweyo. Wantchito watsopano aliyense amauzidwa zinthu ziwiri tsiku loyamba: kumene kumakhala kiyi wa kuchimbudzi, ndi zoti za mutu wa Amayi sizikambidwa. Za Wayilesi, anati mwana ameneyo wavutika kuposa aliyense, moti pena amachita kutuluka panja kukapuma.

Amayi anaseka mosafuna, kenako anafunsa funso limene linali litawadya zaka zonsezi. Nanga makasitomala?

"Ena sadziwa, ambiri amadziwa, ndipo akubwerabe," anatero Zala. "Koma pamenepo mwandivutitsa, achemwali. Amabwera kwa ine mwakachetechete, ena ochokera kuchipatala komwe kuja, mpango uli kumutu. Amati tikufuna yonga ya Amayi, anawasokera ndani? Ine ndimati sindikudziwa zimene akunena. Amapita kukagula za mumsika zooneka ngati chisa cha mbalame. Ndatopa nako kubweza anthu amene inu mukanawathandiza."

Amayi anaganiza za azimayi amenewo akutuluka m'saluni mwawo ndi mipango yawo, ndi za iwo eni akusoka kuchipinda chitseko chili chotseka, ngati kuti padziko lonse zinagwera iwo okha. Anaganizanso za timanja ta mdzukulu uja. Manyazi amene anawagwira tsopano anali a mtundu wina, ndipo anali opepukirapo. Anakweza manja n'kuyamba kuzula mapini. Mapiniwo anali ambiri, mpaka Zala anawachotsa manja n'kumaliza yekha, mofulumira, monga amachitira ndi mutu uliwonse. Anainyamula wigiyo pachibakera, anaitembenuza kuti aone kasokedwe ka m'kati, n'kupukusa mutu mosirira, ati wakhala akulakalaka kuona zimenezi kuyambira kalekale. Kenako anaiika bwinobwino m'kachipewa kapulasitiki kaja, kamene tsopano kanapeza ntchito.

Mphepo ya m'phiri inawakhudza Amayi pamutu, yozizira, ya timadzi. Anali ataiwala kuti mutu umamva mphepo.

Anatsika limodzi, Zala patsogolo. Njira inakhota pa thanthwe lalikulu, ndipo mathithi aja anali pomwepo, aatali kuposa a pakalendala, oyera mbuu, a phokoso loti mnzako umachita kumukuwira, madzi akugwa kuchokera m'nkhungu momwemo. Pansi pake panali dziwe, ndipo m'mphepete mwake atsikana anali atavula nsapato, akuwazana madzi, poti tsitsi loti aliteteze linali litatha kale.

Anawaona mmodzimmodzi n'kusiya kusewera. Amayi anaima, miyendo ikufuna kubwerera. Wayilesi anatsegula pakamwa, anayang'ana Zala, Zala anagwedeza mutu kuvomereza, ndipo zonse zimene mtsikanayo anameza zaka zimenezi zinatuluka. Ananena kuti mutu wa Amayi ndi wozungulira bwino, woyenera ndolo zikuluzikulu. Ananena kuti timatsitsi ta m'mbalito tikufunika kumeta kuti tifanane, ndipo ameta yekha, wina asayerekeze. Ananena kuti mzere wa pakati uja unkasunthira kumanzere Amayi akatopa, ndipo iye ankachita kuluma lilime. Ananena akulira, akuseka, mpaka mawu anamuthera n'kuwakumbatira, enawo n'kuunjikana pomwepo. Adalaivala anadikira mpata, anayandikira mwaulemu, anawerama pang'ono, n'kunena kuti gulu lawo ndi laling'ono koma lamtendere, ndipo akuwalandira ndi manja awiri.

Chithunzi anajambula pomwepo, ndipo ndi chimene chikubisa mng'alu pamwamba pa sinki lero: mitu yofufuma, madiresi onyowa, chala cha adalaivala pakona, ndipo pakati mzimayi wamfupi wopanda tsitsi akuseka mano onse pamtunda. Pambali pake pali shelefu yatsopano ya mitu yamitengo, ntchito ya a kalipentala, amene amadandaula kuti apongozi achuluka. Amayi masiku ena amavala wigi, masiku ena savala, malinga ndi mmene adzukira. Fani imayang'ana anthu.

Koma tsikulo, asananyamuke kubwerera, Zala anawakhazika Amayi pamwala wa m'mphepete mwa dziwe n'kupinda manja a bulauzi yake. Kuyambira chaka cha matenda chija, palibe dzanja la munthu wina linali litakhudza mutu umenewo, mutu wa mkazi amene anatsuka mitu ya msewu wonse. Zala anaugoneka pamkono pake, anatunga madzi ozizira ndi dzanja linalo, ndipo atsikana onse, osapangana, ananena pamodzi motsanzira mawu a Amayi enieniwo: "Tsekani maso, mayi, muziganiza kuti muli pamathithi."

"Thira madzi iwe," anatero Amayi. "Lero sinditseka."